Ngodya za a Yotamu

Mayi Dailesi anachibweretsa Lachiwiri,
chofunda cha zigamba, chokulungidwa m'pulasitiki ngati nyama ya kubutchala.
Anati, "Anasoka ndi atate, pakhonde la sitolo kuno ku Kamwala,
dziko lisanalandire mbendera yake.
Chatha. Mundisokere china chonga ichi,
mwana wanga akukwatiwa mu Okutobala."

Ndinachiyala patebulo. Fumbi la Ogasiti
linalowa pazenera kudzaonerera nawo.
Nyenyezi makumi atatu, khaki ndi buluu wa ovololo,
zofiira zitasuluka mpaka kufanana ndi tiyi wamkaka.
Ndinatenga tepi. Yoyamba, mainchesi asanu ndi anayi.
Yachiwiri yaperewera chala.
Yachitatu yapendekera kumanzere ngati minibasi ya ku Chawama itadzaza.
Chamumtima ndinati, a Yotamu, munali telala wamtundu wanji inu?

Tsono ndinawakonzera.
Pakatoni ya sopo ndinajambula nyenyezi imodzi yaulemu wake,
rula, choko, ngodya zonse zomvana.
Ku Soweto ndinafukula milu ya salaula mpaka msana kuwawa
kufunafuna buluu wotopa,
poti buluu watsopano amakuwa.
Magetsi akathima ndinkapalasa makina ndi phazi.
Sabata imodzi, nyenyezi khumi ndi ziwiri, zonse mapasa.

Nditaziika pambali pa chakale
zanga zinangoti njo, ngati ana asukulu pamzere,
za mkuluyo zikuyenda.

M'mawa mwake ndinachitembenuza,
ndi lezala ndinaphwasula msoko umodzi, umodzi wokha.
M'katimo thumba la ufa lochapidwa mpaka zilembo kuzimirira,
ndipo chigamba chilichonse chikuulula kwawo:
ichi chinachokera m'khwapa mwa shati,
icho n'chotsala pa thalauza la munthu wamfupi.
A Yotamu sankalamula nsalu.
Nsalu ndiyo inkawauza pothera pake.
Pamzere wachinayi ulusi wasintha, misoko yatalikirana,
kaya ndi maso, kaya parafini anatha m'nyali,
kaya ndi chaka chija Mayi Dailesi amachilumpha akamasimba.
Nyenyezi ya pakona ili ndi nsonga zisanu ndi ziwiri.
Pamalo pa yachisanu ndi chitatu pali thumba la shati,
batani lake likadali pomwepo.

Katoni yanga ija ndinang'amba.
Tsopano ndili ndi makatoni makumi atatu,
iliyonse nambala yake, iliyonse kutsimphina kwake.
Mudziwe, kulakwitsa dala si masewera.
Dzanja limakana, laphunzitsidwa kuwongola zaka makumi awiri.
Lekani, mtsikana amene ndikumuphunzitsa, anaseka mpaka kugwetsa sizasi:
"Madamu, ndikadasoka ine chonchi mukadandidula malipiro."

Komabe sindinatengere zonse.
Pamene iwo anaumira m'mphepete, nsalu n'kumasosoka,
ine ndawonjezerapo pang'ono,
poti ichi chizikachapidwa m'makina ku Kabulonga.
Pamene panadya njenjete ndapasiya,
imeneyo si ntchito ya a Yotamu.
Kwina konseku ndiko kwandizunguza mutu.
Chiti n'cha munthu, chiti n'cha zaka?
Ngodya iyi anaikhotetsa okha,
kapena inakokedwa ndi ana asanu olimbirana mu Juni?
Ndisoke chimene iwo anaona tsiku lomaliza kusoka,
kapena chimene Dailesi anakula akufunda?

Madzulo ano ndawaimbira foni.
"Batani lija, ndiliike?"
Anakhala chete. Ndinkangomva mahutala a mu Cairo Road
ndi mnyamata woitanira basi ya ku Matero.
Kenaka anati, "Ndinkagona nditaligwira.
Liikeni. Koma lakalelo musalichotse."

Mawa ndilawirira ku Luburma, kwa mkulu uja wa mabatani a m'chitini.
Ndikufuna lakhaki, la mabowo anayi,
lobenthuka pang'ono m'mbali.
Akandipatsa lathunthu, ndidzalibenthula ndekha.